Kope la Chifalansa Pamaso pa Amalume

Lamlungu masana shedi yopimira tiyi imakhala yopanda munthu. Sikelo amakhala atachotsa, madengu atapita nawo eni ake, kumangotsala benchi lathabwa ndi fungo la masamba ofota. M'menemo ndi mmene Tisungane ankakumana ndi Jean, kope lili pamwendo, maso ali kunjira.

"Yambiranso," anatero Jean. "Mneni wake ndi venir, kubwera."

"Que je vinsse. Que tu vinsses. Qu'il vinsse..."

"Ayi. Munthu wachitatu alibe s. Qu'il vînt. Ndipo pa i pali kachipewa."

Tisungane anafufuta mpaka pepala linada. Kanali kachinayi kulakwitsa malo omwewo. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ankaphunzitsa Chifalansa Fomu 1 ndi Fomu 2 pasukulu ina yapulayiveti ku Thyolo Boma, ndipo kunali kutatsala masabata atatu kuti akalembe mayeso ku Blantyre. Mwa aphunzitsi onse odzalemba, awiri okha ndi amene adzatumizidwe kunja kukaphunzira chaka chathunthu. M'mapepala a zaka zam'mbuyo munali funso limodzi losalephera kubwera: kusintha mneni kuti akhale mu subjonctif imparfait.

"Koma alipo anthu amene amalankhula chonchi?" anafunsa.

"Palibe. Ngakhale eni ake akhoza kukuseka. Zinatsala m'mabuku ndi m'mayeso basi."

"Ndiye akutizunziranji?"

Jean anaseka. Kwawo kunali ku Bukavu, ku Congo, ndipo anafika ku Malawi zaka khumi ndi chimodzi zapitazo akuthawa nkhondo. Chichewa anachiphunzira ku kampu ya othawa kwawo ku Dowa, ndipo chinkamveka Chiswahili pang'ono kumapeto kwa mawu. Iye ndiye ankaphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4 pasukulu yomweyo, mwakachetechete, dzina lake losalembedwa paliponse.

"Tamvera. Ukati 'ndikufuna kuti abwere', kufunako ndi kwa lero: qu'il vienne. Ukati 'ndinkafuna kuti abwere', kufunako ndi kwakale, ndiye Chifalansa cha m'mabuku chimakalambitsanso kubwerako: qu'il vînt. Ngati munthuyo anabweradi kapena ayi, mneni sanena."

"Ife timangoti 'abwere', nkhani yatha."

"N'chifukwa chake ndimachikonda Chichewa. Tiyese wosavuta. Aimer, kukonda."

"Wasankha dala."

"Ndi mneni wa gulu loyamba. Buku lililonse limayambira pamenepo."

Tisungane analemba pang'onopang'ono uku akutchula: que j'aimasse, que tu aimasses, qu'il aimât. Ulendo uno kachipewa sanakaiwale. Atafika pa nous, Jean anawerama n'kuwonjezera nous wachiwiri ndi inki yofiira, mzerewo n'kukhala que nous nous aimassions.

"Tsopano zatanthauza chiyani?" anafunsa Jean.

"Kuti tikondane."

"Wakhoza."

Tisungane sanafufute. Anatsamira paphewa pake akuyang'ana mizere ya tiyi yotsetsereka mpaka kumtsinje, ndipo kwa kanthawi za mayeso zinamuchoka.

Kenaka kunamveka njinga yamoto. Inatulukira pakona pa mitengo ya bulugamu n'kuima pamsewu, pamtunda pa shedi. Wokwerayo sanavule chipewa, sanapereke moni. Anangoyang'ana injini ikulira, kenaka n'kupitiriza ulendo.

Tisungane anali atachoka kale paphewa paja.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Jean.

"A Crispin. A ku ofesi ya esiteti."

"Amene anakufunsira aja?"

Tisungane anangogwedeza mutu movomera. Anatseka kope n'kuliika m'chikwama.

*

Nyumba yawo inali ya esiteti, imodzi mwa nyumba za akapitawo zoyang'anana ndi fakitale. Tisungane anapeza mayi ake, a Eneless, akusankha nandolo m'lichero pakhonde. Bambo ake, a Blackson, anali chapatali akumata jombo yong'ambika.

"Zimene umang'ung'udza m'mawa uliwonse zija, aneba afunsa ngati walowa tchalitchi cha malilime," anatero mayi ake.

"Ndi Chifalansa, amayi."

"Ndawauza. Koma mnzakoyo Jini bwanji osabwera naye kuno? Mtsikana akukuthandiza chonchi Lamlungu lililonse, ine osamuona nkhope. Ubwere naye ndidzamuphikire kalongonda."

Tisungane anayang'ana pansi. Tsiku loyamba limene dzina la Jean linatuluka pafoni pake, mayi ake analiwerenga monga aliyense wa ku Thyolo angaliwerengere: Jini, dzina la mtsikana. Kwawo kwa mwiniwake limatchulidwa Zha, ndipo ndi la mwamuna. Tisungane sanawakonze tsiku limenelo. Ankati adzawauza sabata yamawa, ndipo masabata amawawo anakwana miyezi isanu ndi umodzi.

"Amakhala wotanganidwa," anayankha.

Mayi ake anapepeta kawiri n'kuika lichero pansi.

"Amalume ako anaimba. Akwawo kwa a Crispin anafika kwa iwo ku Masambanjati Lachisanu kudzakufunsira."

"Amayi, a Crispin ndinawakana kawiri."

"Ndikudziwa. Koma uziganiza bwino. Mnyamatayo samwa, ndi wa mpingo wathu, makolo ake timawadziwa. Komanso abambo ako chaka chamawa zaka zawo zopumira ntchito zikukwana. Pepala lowawonjezera zaka limadutsa patebulo la ndani? Nyumba ino si yathu, Tisu. Kumudzi kamunda kaja ukukadziwa, sikakwana ngakhale nthochi makumi awiri."

A Blackson sanadzutse mutu. Anapitiriza kupanikiza chigamba pa jombo ngakhale guluu anali atauma kale.

*

Meseji ya Crispin inalowa Lolemba m'mawa, Tisungane ali mu minibasi.

"Jini wako uja ali ndi ndevu."

Sanayankhe. Masana inalowa ina: "Mayi ako akudziwa?" Sanayankhenso.

Lachiwiri madzulo, potsika pa siteji yolowera ku esiteti, anamupeza atakhala panjinga yake pansi pa mtengo wa mapeyala, malaya oyera osita bwino, makiyi a ofesi akulendewera m'chiuno.

"Kwera ndikakutule."

"Zikomo a Crispin, ndiyenda."

Crispin anatsika n'kuyamba kukankha njingayo pambali pake.

"Ndafufuza," anatero. "Munthu uja ndi wa ku kampu. Malamulo samulola kukhala kuno, samulolanso kugwira ntchito. Ukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukudziwanso kuti foni imodzi yokha ndi yokwanira."

Tisungane anaima. "Mukufuna chiyani kwa ine?"

"Chomwe ndakhala ndikufuna zaka ziwiri. Unali ku koleji, ine ndili phee. Atsikana angati pa esiteti pano ndinawakana? Mayi anga amandifunsa ngati ndili ndi vuto. Ndiye ndikupeze mu shedi ya kampani, utatsamira munthu wosadziwika kwawo?"

"Sindinakuuzeni kuti mundidikire."

"Sunandiuze. Koma sunandiuzenso kuti pali wina."

Tisungane anadziwa kuti zimenezo zinali zoona. Mawu a Crispin ankanjenjemera, ndipo zimenezo zinamuopsa kuposa akanakhala kuti akukalipa.

"Chonde musamuchite kanthu. Iye sanakulakwireni."

"Ukumupempherera pamaso panga?"

Crispin analiza njinga n'kumusiya pamsewu, fumbi lofiira likumuthira pasiketi.

*

Lachinayi m'mawa kope lija silinapezeke m'chikwama. Tisungane anafunafuna pansi pa matiresi, kuseri kwa sutikesi, mpaka nthawi ya minibasi inamuthera. Madzulo pobwera analiona asanafike pakhomo. Linali pamwendo pa amalume ake, a Yesaya, mlongo wawo wa mayi ake, amene anali atakhala pampando wandalema pakhonde, njinga yawo yakapalasa itatsamira khoma. Pamwamba pa kopelo panali kapepala kolembedwa ndi dzanja la Crispin. A Eneless ndiwo analitulutsa m'chikwama Crispin atawauza, ndipo iye anajambula tsamba lija n'kulimasulira ndi foni.

Tisungane anagwada n'kupereka moni. A Yesaya anayankha moniwo mokwanira, anafunsa za kusukulu, kenaka anatsegula kope.

"Werenga apa."

Anawerenga mizere isanu ndi umodzi yonse. Mawu amene Lamlungu ankamveka okoma tsopano ankamveka ngati akutafuna miyala.

"M'chilankhulo chathu."

"Ndi phunziro chabe, amalume. Timatenga mneni mmodzi n'kumusintha: ine, iwe, iye, ife, inu, iwo. Ngati mmene ana amanenera kuti ndikudya, ukudya, akudya. Tsamba lakumbuyoku pali kubwera. Linalo pali kumaliza."

A Yesaya anatembenuza masambawo ndi chala chonyowetsa malovu, osafulumira.

"Chifalansa sindichidziwa, koma maso ndili nawo. Pa kubwera, inki yofiira yangokonza zolakwa. Pa kumaliza, chimodzimodzi. Pa kukonda pokha ndi pamene yawonjezera mawu ake. Wolemba ndi inki yofiirayi ndi mwamuna?"

"Eya."

"Umamukonda?"

Tisungane anayang'ana mayi ake, amene anali atakhala pamkeka pafupi ndi chitseko. Bodza lina linali litafika kale pakamwa, koma analimeza.

"Eya, amalume."

A Eneless anagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Miyezi isanu ndi umodzi ndikupereka moni kwa Jini. Nthochi ndinakupatsira kuti ukamupatse. Unkandiyang'ana m'maso, Tisu."

"Pepani, amayi. Ndinkaopa."

"Munthu wa ku kampu," anatero a Yesaya. "Wopanda mudzi, wopanda mfumu, wopanda pepala."

"Agogo anu anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique opanda pepala lililonse," anatero Tisungane, mawu akutuluka okha. "Munatiuza ndinu. Akanakanidwa chifukwa cha zimenezo, ife tikanabadwa?"

Mayi ake anamudzudzula ndi maso. Koma a Yesaya sanakwiye. Anayamba kuyankha m'Chilomwe, monga ankachitira nkhani ikawafika pamtima, kenaka anabwerera ku Chichewa kuti mdzukulu wa agogowo amve chilichonse.

"Ndinakuuzani ndine, eya. Koma sindinakuuzeni zonse. Agogo amenewo anagwira thangata pa esiteti ngati ino. Tsiku lina anawathamangitsa, nyumba n'kuigwetsa, mkazi wawo ali ndi pakati. Anapita kukafuna malo ena, ndipo anatha zaka zinayi osaoneka. Sikuti sankamukonda mkaziyo. Munthu wopanda malo amakusiya asakufuna. Ine sindikunena kuti mnyamatayu ndi woipa, sindinamuonepo. Ndikufunsa: ankhoswe ake ndani? Mukadzayambana ndikadandaule kwa yani? Adzamanga bwanji pamudzi pathu malamulo akumuletsa kutuluka mu kampu?"



"Loweruka ndikhala pampando uno mpaka dzuwa lipendeke," anapitiriza. "Abwere ndi munthu wamkulu woti andiyankhe. Akapanda kubwera, akwawo kwa Crispin akudikira mawu anga."

A Blackson, amene nthawi yonseyi anali ataima pakona pa nyumba, anakhosomola.

"Alamu, mwana wanga sindimukakamiza ine," anatero. Anayang'ana khoma lopaka laimu, kenaka denga. "Koma sindikudziwanso kuti tichita bwanji."

*

Lachisanu Jean sanaoneke kusukulu. Ahedi anauza Tisungane motsitsa mawu kuti munthu wina anaimba kufunsa za mphunzitsi wa Chifalansa, ndiye auza Jean kuti ayambe wapuma kaye.

Tisungane anakamupeza mu tiyirumu ina kuseri kwa msika wa pa Boma, atakhala pakona, kapu ya tiyi itazizira patsogolo pake. Anamufotokozera zonse: kope, kapepala ka Crispin, mafunso atatu a amalume. Jean anamvetsera akuzunguza supuni m'kapu.

"Loweruka ndi mawa," anatero pomaliza.

"Ndikudziwa."

"Mkulu wanga anamwalira. Bambo anga sindidziwa ngati ali moyo. Ndibwere ndi ndani?"

"A Jonas a kumpingo kwanu aja, amene amakutcha mwana wawo. Amalume sanati akhale wamagazi. Anati munthu wamkulu."

Panja mayi wina ankakangana ndi kondakitala za dengu la nthochi limene linaphwanyika.

"Ndiwapempha," anatero Jean.

"Ukubwera?"

"Ndibwera."

"Undiyang'ane ponena."

Anamuyang'ana. "Ndibwera, Tisu." Kenaka anayesa kumwetulira. "Kope anakubwezera?"

"Lili kwa amalume."

"Ndiye tinena pamtima mneni wa kukhala. Être."

"Lero ayi, Jean."

"Mayeso amenewa usawataye chifukwa cha ine. Kaya zitha bwanji, iwe upite ukalembe. Être."

Tisungane anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Que je fusse. Que tu fusses. Qu'il fût, kachipewa pa u." Anapitiriza mpaka kumapeto osalakwitsa, mayi wogulitsa tiyi akuwayang'ana modabwa. Jean anamugwira dzanja pansi pa tebulo, ndipo dzanja lakelo linali lozizira.

*

Loweruka a Eneless anadzuka osalankhula ndi mwana wawo, komabe anapha nkhuku, anaphika mpunga, anabwereka mipando iwiri kwa aneba. A Yesaya anafika nthawi ya 10 koloko atavala jekete. Tisungane anasesa pabwalo kawiri. Minibasi iliyonse ikaima kumsewu, mtima wake unkaima nayo.

Nthawi ya nkhomaliro inadutsa. Anaimba foni ya Jean, inali yotseka. Anaimbanso, chimodzimodzi.

Cha m'ma 2 koloko kunatulukira bambo wachikulire wa imvi, Baibulo lili m'khwapa. Anali yekha. Anadzitchula kuti ndi a Jonas, anakhala pampando umene anapatsidwa, n'kumazunguza chipewa m'manja.

"Mnyamatayu anabwera kwathu dzulo madzulo kudzandipempha, ine ndinavomera ndi mtima wonse," anatero. "Tinapangana kukumana pa depoti 9 koloko. Ndadikira mpaka 12. Ndapita kunyumba kwake, chitseko n'chotseka. Ndinaona kuti si ulemu kukusiyani mukudikira, ndiye ndabwera kuti mudziwe."

A Yesaya anawathokoza. Anadya nawo nkhuku ija, anakambirana za matenda a nthochi ndi za mvula ya chaka chatha, ngati kuti a Jonas anabwera kudzacheza basi. Tisungane ankathira madzi osamba m'manja, ankachotsa mbale.

Dzuwa litapendeka Crispin anadutsa panjinga. Anaima, anapereka moni mwaulemu, anati amadzangokumbutsa a Blackson za gawo loti akatchole Lolemba. Anayang'ana mipando yobwereka, anayang'ana mpando umodzi wopanda munthu, n'kutsanzika.

A Yesaya anavula jekete n'kulipinda pa kaliyala wa njinga. Kope lija analiika m'manja mwa Tisungane.

"Sindikukondwa kuti ndanena zoona," anatero. "Ndikupatsa sabata imodzi. Lamlungu linalo ndikayankha anthu aja."

Atangochoka, foni inanjenjemera. Inali meseji ya Crispin: "Ine ndikanabwera." Tisungane asanaiike pansi inalowanso ina, yochokera kwa Jean.

"Il aurait fallu que je te disse la vérité plus tôt. Pardon."

Anakhala pamwala wa kuseri kwa bafa n'kuiwerenga katatu. Maso ake, ozolowera masabata onsewa, anathamangira pa mneni. Disse, ma s awiri. Dire, kunena, munthu woyamba, nthawi yomwe ija imene inkamuzunza. Sanafunike kope kapena buku. Anamva chiganizo chonse nthawi imodzi: ndinayenera kukuuza zoona kalekale. Pepa.

Zoona zake ziti? Anaimba pompo. Foni inali itatsekedwanso.

*

Lolemba kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inaphimba minda yonse, otchola tiyi akuoneka ngati zithunzithunzi zovala mapepala apulasitiki. Tisungane anatsika pa Boma, koma sanakhotere kusukulu. Analowera njira ya kuseri kwa chigayo, kumene Jean ankachita lendi chipinda chimodzi.

Chitseko chinali chotsegula. M'katimo munali mayi wamtali, wowonda, wovala chitenge cha maluwa akuluakulu ndi duku lomangira kutsogolo. Ankalongedza mabuku a Jean m'katoni. Ataona Tisungane anasiya, n'kupukuta manja.

"Ndinu Tisungane," anatero. Chichewa chake chinali ngati cha Jean, koma cholemera kwambiri. "Ndimati ndikupezeni kusukulu. Lowani, dada." Dada ndi mchemwali m'Chiswahili.

"Jean ali kuti?"

"Anapita ku Dowa Loweruka m'mawa. Ndinadzamutenga ndine, Lachisanu madzulo. Anandiletsa kukuonani, koma ine ndatsala dala."

"Inu ndinu ndani?"

Mayiyo anakhala pabedi n'kumulozera mpando. Tisungane sanakhale.

"Dzina langa ndi Furaha. Pa mapepala ndine mkazi wa Jean."

Tisungane anagwira felemu la chitseko.

"Mundimvere kaye mpaka ndimalize. Mwamuna wanga anali mkulu wake wa Jean. Anamupha panjira tisanawoloke kulowa Tanzania. Ine ndinali ndi mwana kumbuyo, wina m'mimba. Jean anali ndi zaka makumi awiri. Titafika polembetsa, anthu anatiuza kuti mlamu ndi mlamu amawapatsa mafayilo osiyana, tsiku lina mmodzi adzapita kwina, wina n'kutsala. Ndinachita mantha. Ndinamupempha ndine kuti tilembetse ngati banja. Sanagonepo m'nyumba mwanga ngati mwamuna ngakhale tsiku limodzi, Mulungu akundimva. Ana anga amamutcha baba pamaso pa maofesala, kunyumba amamutcha dzina."

Anatulutsa foni yosweka galasi n'kumuonetsa chithunzi: atsikana awiri ovala yunifolomu, wamkulu akuseka, wamng'ono atatseka maso.

"Zaka khumi ndi chimodzi tikudikira. Mwezi wa Epulo dzina lathu linatuluka. Canada. Kwatsala kufunsidwa komaliza, kenaka ndege."

Epulo. Tisungane anawerenga miyezi chamumtima. Malamlungu onse a Meyi, onse a Juni, Jean ankakhala naye pabenchi lija akudziwa.

"Bwanji sanandiuze?"

"Ankati akana kupita. Anandiuza kawiri kuti wapeza munthu, akufuna kutsala. Koma fayilo ndi imodzi, dada. Iye akatuluka, afunsa chifukwa. Akadziwa kuti ukwati unali wabodza, atseka fayilo yonse, ndipo siidzatsegulidwanso. Ana anga adzakalambira mu kampu."

Furaha anatsitsa mawu.

"Lachinayi munthu wina anaimba ku ofesi yoona za ife. Anati Jean ali ku Thyolo, akugwira ntchito, ndipo akufuna kukwatira mtsikana wa kuno. Mwina ankangofuna kuti amubweze ku kampu, za fayilo sankadziwa. Koma anapereka dzina lanu ndi nambala yanu. Za ntchitozo akhoza kumukhululukira. Za mkazi wina ayi. Anena kuti akuimbirani kuti amve kwa inu."

"Ndiye ndikanene chiyani?"

"Kuti ankangokuphunzitsani Chifalansa. Kuti palibe china. Kuti munkadziwa kuti ali ndi mkazi ndi ana."

"Ndikatero apita nanu ku Canada."

"Eya."

"Ngati mwamuna wanu."

"Pa mapepala."

"Ndikanena zoona?"

"Atsala. Tonse titsala. Ndipo sindikudziwa ngati adzatha kukuyang'anani m'maso, kapena kuyang'ana ana a mkulu wake."

Tisungane anakhala pampando paja tsopano. Lachinayi lomwelo anali atagwada pamaso pa amalume ake n'kuvomera kuti amamukonda, mayi ake akulira. Lero amupempha kuti akane kwa anthu osawadziwa. Anafunafuna njira yachitatu, yoti ana aja akwere ndege Jean n'kutsala, ndipo sanaipeze.

"Iye akufuna kuti ndinene chiyani?" anafunsa.

"Ndinamufunsa pa depoti. Sanayankhe. Anangolira."

Furaha anatsika pabedi n'kugwada pasimenti, mayi wamkulu kwa iye ndi zaka khumi, n'kugwira m'mphepete mwa siketi yake ndi manja awiri.

"Sindikukudziwani, dada, ndipo ndikukulandani munthu. Ndikudziwa. Koma ndilibe wina woti ndimugwadire."

"Dzukani, mayi. Chonde dzukani."

Furaha sanadzuke. M'chikwama cha Tisungane foni inayamba kulira. Anaitulutsa. Sinali nambala ya Jean, sinali ya Crispin, sinali ya kusukulu. Inali nambala ya foni ya mu ofesi, ya ku Lilongwe.

Furaha anaiona nayenso. Analimbitsa zala pa siketi ija. Foni inalira kachitatu, kachinayi, ndipo Tisungane anaiika kukhutu asanadziwe chimene akanene.

"Halo," anatero mawu a mayi wina, aulemu, osathamanga. "Kodi ndikulankhula ndi a Tisungane? Ndili ndi mafunso ochepa okhudza bambo wina dzina lake Jean. Mumamudziwa bwanji?"